Tsiku Limene Ng'oma Inamudikira

Panali mwamuna wina kumapiri a Ntchisi amene ankadziwa kuvina mganda. Anali wowonda, wopepuka miyendo. Akaima patsogolo pa mzere atavala kabudula woyera ndi masokosi ofika m'mawondo, amayi ankasiya ndowa pachitsime kuti adzaonerere. Womuimbira ng'oma anali mnzake wa paubwana, dzina lake Lufeyo. Awiriwa anakulira limodzi kubusa, akudya mbatata yootcha paphulusa, masuku otola m'tchire ndi nzama zowiritsa. Akaweruka kumunda ankapeza nkhwani wotendera ndi chikho cha thobwa. Sankadziwa kuti akudya bwino. Iwo ankati ndi umphawi.

Atakula, mwamunayo anapita ku Lilongwe, nayamba kuyendetsa minibasi. Ntchito imeneyi sipatsa munthu mpata wokhala pansi. Ukati udye modekha, anzako akutengera anthu. Tsono pafupi ndi depoti panali chiwaya, ndipo pachiwaya sadikiritsa. Iye ankangotulutsa dzanja pawindo n'kulandira kajumbo ka tchipisi kotentha, kothira mchere wambiri, nthuli ya nkhuku yokazingidwa m'mafuta akuda ogonera, ndi botolo la chakumwa chotsekemera. Ankadyera pachiwongolero pomwepo.

Poyamba zinali za tsiku lotanganidwa lokha. Kenako masiku onse anakhala otanganidwa. M'mawa mandasi, masana tchipisi, popita kunyumba soseji. Mkazi wake akamuikira chakudya, iye ankangogwirako pang'ono n'kukankha mbale.

"Ndadya kale, mayi," ankatero.

Thupi linabwera. Khosi linamira m'mapewa, lamba anamuboola bowo lina. Anzake a padepoti ankati, "Bwana, tauni yakuyanjani," iye n'kumaseka mokondwa. Ludzu linayamba kumuvuta, mutu unkamuwawa kunkhongo, ndipo akakwera kachitunda ankapuma ngati wasenza thumba. Zonsezi ankati ndi kutopa kwa pamsewu.

Zaka zinapita. Chaka china anthu atatha kukolola, mwana wa mlongo wake ankakwatiwa, ndipo iye anapita kumudzi ku ukwatiwo. Dzuwa litapendeka, anyamata a mganda analowa m'bwalo. Mwamunayo atamva ng'oma ndi fungo la fumbi lopondedwa, mtima wake unabwerera ku unyamata. Woimba ng'oma anali Lufeyo yemwe uja, imvi zili mbuu, koma mikono ili gwa.

Lufeyo atamuona anafuula, "Achimwene, malo anu aja mpaka lero sanapeze mwini wake. Lowani!"

Mwamunayo anavula jekete. Amayi anaimba nthungululu, achikulire akuuza ana kuti, "Lero muone mganda weniweni."

Miyendo inakumbukira. Anaponda, natembenuka, naweramira kutsogolo monga kale, ndipo bwalo lonse linasokosera. Koma nyimbo isanafike pakati, chifuwa chinayamba kumuthina. Mpweya unkathera pakhosi. Iye ankaona anthu ngati ali m'nkhungu.

Pamenepo anamva chinthu chimene oonerera sanachimve. Ng'oma inachepetsa liwiro. Lufeyo sanayang'ane kwa iye, anangoweramitsa mutu n'kumaimba mofatsa, ndipo mzere wonse wa anyamata unafatsa nawo. Mwamunayo ankaidziwa ng'oma imeneyo chiyambire ubwana wake. Sinkadikira munthu. Kale ndi iyo imene inkavutika kumutsatira.

Akanatha kumaliza nyimboyo atabisala m'chifundo cha mnzake, anthu n'kumuombera m'manja. Koma anaima, natuluka mumzere anthu onse akuona, nakakhala pansi pa mtengo wa mango.

Nyimbo itatha Lufeyo anamulondola.

"Mwatulukiranji, achimwene? Mumavina bwino."

"Musandinamize, Lufeyo. Mwandidikira."

Lufeyo anafikisa chikhatho chake. Kenako anati, "Ndinaona mmene mumapumira. Ndinachita mantha."

"Mawa mundiperekeze kuchipatala."

M'mawa mwake anapita. Namwino anamuyeza, nakwinya nkhope, namuyezanso. Anamuuza kuti magazi ake akuthamanga koopsa, ndipo shuga wakwera. Atamufunsa zimene amadya, mwamunayo anafotokoza zonse, ndipo pozitchula ndi pakamwa pake anadabwa kuti ndi zochepa chotere: mafuta, mchere ndi shuga, tsiku ndi tsiku.

"Bambo," anatero namwinoyo, "mukanavina nyimbo yachiwiri, mwina tikanakulandirani muli pamachira."

Anabwerera kutauni ndi mankhwala m'thumba. Kusiya sikunali kophweka. Fungo la chiwaya linkamupeza ngakhale atatseka mawindo, ndipo masiku ena ankagonja. Koma anapirira. Anayamba kunyamula chakudya chophika mkazi wake ndi botolo la madzi, ndipo masana ankaimika galimoto n'kudya atakhala pansi, anzake akumutengera anthu. Mankhwala aja akumwabe mpaka lero. Miyendo ya unyamata wake sinabwerere. Koma ali moyo, ndipo ana ake akuwakwatitsa yekha.

Abale anga, kajumbo kamodzi ka tchipisi sikanaphepo munthu. Chimene chimapha ndi kajumbo ka lero, ka mawa ndi ka mkuja, kodyedwa chothamanga ndi munthu amene akuti alibe nthawi. Thupi ndi bwenzi lofatsa. Silikalipa msanga. Limayamba lakuchepetserani liwiro mwakachetechete kuti musachite manyazi: pachitunda mupumeko kawiri, masana mugwidwe tulo, ludzu lichuluke. Ambiri amaona ngati akuvinabe bwino, ndipo amapitiriza mpaka kugwa pakati pa bwalo. Inu tcherani khutu. Mukamva kuti ng'oma yayamba kukudikirani, tulukani mumzere miyendo ikadali yanu.