Fanuwelo ndi Injini ya Fote

Panali munthu wina dzina lake Fanuwelo, wobadwira m'mudzi wa tsidya lakum'mawa kwa nyanja ya Chilwa. Bambo ake anali msodzi wa matemba. Moyo wawo wonse ankayendetsa bwato polikankha ndi nsungwi, poti nyanja imeneyo ndi yosaya. Fanuwelo nsungwiyo sankaifuna. Mtima wake unali pa maboti ochokera ku doko la Kachulu, makamaka aja a injini yaikulu imene anthu amaitcha ya fote, amene akamadutsa mutu umadzuka m'mwamba, madzi n'kutsala akuwira kumbuyo.

Tsiku limene ankachoka pamudzi kukafuna ntchito ku Kachulu, bambo ake anamuperekeza mpaka pa doko. Anati, "Mwananga, zikakavuta kumeneko usakachite manyazi. Nsungwi yako ndikusungira."

Mkuluyo ananena zimenezi mwachikondi, koma pa dokopo panali anthu ambiri ndipo ena anaseka. Kusekako kunamulasa mtima Fanuwelo. Anayankha mokweza kuti aliyense amve: "Nsungwiyo muisonkhezere pamoto. Ine pano sindidzapondanso mpaka nditabwera ndi boti langalanga, la injini ya fote."

Bambo akewo anangomupatsira chikwama chake m'boti.

Ku Kachulu anayamba ndi kukapa madzi m'maboti a eni, kenako anaphunzira kuyendetsa. Patapita zaka zinayi anapeza boti lakelake, la matabwa, lakale ndithu, ndi kainjini kakang'ono ka fifitini. Ankanyamula anthu ndi madengu a nsomba pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi, ulendo waufupi. Kainjiniko akangokoka chingwe kamodzi kankalira, ndipo sikanamusiyepo pakati pa madzi. Anzake ankamusirira. Iye ankakayang'ana ngati mwana wa mnzake.

Kukacha bwino popanda nkhungu, mapiri a kwawo ankaoneka tsidya, otuwa ngati utsi. Fanuwelo ankaima kumbuyo kwa boti n'kumawayang'ana mpaka apaulendo kumukumbutsa kuti dzuwa lakwera. Ankakumbuka mtengo wa mango wa pakhomo, ndi bambo ake atakhala pansi pake akuluka mono, akuimba nyimbo imodzimodzi imene sankaimaliza. Kainjini ka fifitini kakanamufikitsa kumeneko m'maola asanu. Iye ankadziwa zimenezo. Koma mawu amene analankhula pa doko paja anali atamumanga miyendo.

Injini ya fote yatsopano inali ya anthu olemera. Choncho Fanuwelo anaganiza zoonjezera mphamvu pa kainjini komweko ndi zochepa zimene anali nazo. Anagula pulopela yakale ya boti lina, chitsulo chimene chimazungulira m'madzi n'kumakankha boti, n'kuikapo, koma injini inangobuula, liwiro osasintha. Anapeza kabuleta ya injini yokulirapo, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya. Imeneyo inayamba kumwa petulo ngati munthu waludzu n'kumatulutsa utsi wakuda. Anapala pansi pa boti, anachotsa benchi imodzi kuti lipepuke. Boti linathamangako pang'ono, pang'ono moti wina aliyense sakanaona.

Pafupi ndi doko panali makaniko wachikulire, a Makwinja, amene ankakonza mainjini pansi pa chisakasa. Tsiku lina Fanuwelo anawafunsa, "A Makwinja, palibe njira ina yoti kathamange?"

"Achimwene, injini yanuyi sikudwala ayi," anatero a Makwinja akupukuta sipanala. "Ndi yaing'ono basi. Mbuzi ngakhale muidyetse madeya chaka chonse, siidzakoka ngolo. Kodi mukuthamangira kuti?"

"Kwathu."

"Kwanuko kukuthawa?"

Fanuwelo anaseka pang'ono n'kunyamula injini yake.

Kumudzi kunali mlongo wake Elube, amene ankasamala bambo awo chimwalirireni mayi. Iye ankaimba foni nthawi ndi nthawi, ndipo Khirisimasi ikayandikira ankafunsa ngati achimwene ake abwera. Yankho linali limodzi: chaka chamawa. Bambowo foni sankaigwira. Ankangoti, "Umuuze kuti tili bwino."

M'chaka chachisanu ndi chiwiri, Fanuwelo anamva za injini ya fote imene inamira ndi boti lake, ndipo itavuulidwa inagona m'nyumba yosungira katundu zaka ziwiri. Inali yadzimbiri, yosatembenuka. Mwini wake anavomera kusinthana ndi njinga, wailesi ndi maukonde awiri. Fanuwelo anaikweza pa wilibala ngati akunyamula mkwatibwi. Miyezi itatu iye ndi a Makwinja anakhala akuimasula, kuitsuka, kusakasaka zipangizo zakale ku Zomba ndi ku Limbe. Pamapeto panatsala kachitsulo kamodzi ka m'giyabokosi, kamene munthu wina wa ku Limbe analonjeza kuti kafika pakatha sabata ziwiri. Fanuwelo anatsitsa kainjini ka fifitini, n'kukaika pakona, n'kukafunditsa chiguduli. Analimbitsa thabwa lakumbuyo kwa boti kuti lidzathe kunyamula injini yolemera. Anagulanso penti wa buluu.

M'mawa wina akupenta, foni inalira. Anali Elube.

"Achimwene, bambo miyendo yatupa ndipo chakudya akukana. Ngati mukufuna kuwapeza akulankhula, bwerani."

"Kwangotsala sabata ziwiri, Elube."

"Sabata ziwirizo wakulonjezani ndani?" anatero Elube, n'kudula foni.

Fanuwelo anakhala pansi, burashi ili m'manja. Boti lonyamula anthu opita kwawo linali litanyamuka kale m'mawa womwewo, ndipo lina linali la Lachisanu. Anayang'ana injini ya fote ili pa thebulo, yowala, yongosowa kachitsulo kosaposa chala. Anaona m'maganizo anthu aja amene anaseka, ataima pa doko la kwawo, akumvetsera kainjini kake kakulira ngati chigayo cha patali.

A Makwinja anali atamva zonse. Sanamulangize. Analoza pa thebulo n'kunena kuti, "Iyi ilira pakatha sabata ziwiri, mwina zitatu." Kenako analoza pakona. "Iyo ilira lero."

Fanuwelo anaimirira n'kuvundukula chiguduli chija. Anachotsa kabuleta yobwereka, nabwezerapo yake yeniyeni. Anachotsa pulopela yachilendo, nabwezerapo yakale. Anamangirira kainjiniko kumbuyo kwa boti limene mbali imodzi inali yabuluu, ina yosapenta. Anakoka chingwe kamodzi, kanalira.

Ulendowo unali wautali. Dzuwa linamuwotcha paphewa, ndipo mapiri aja ankaoneka ngati sakuyandikira. Pakati pa nyanja boti lina la injini ya fote linamudutsa, mafunde ake n'kumugwedeza, apaulendo akumubayibitsa. Iye anaweramitsa mutu. Njira yonse ankakonza mawu okauza bambo ake: kuti injini yaikulu ilipo, kuti yangotsala pang'ono, kuti akanadikira sabata ziwiri zokha akanaona. Atayamba kuona madenga a kwawo, analakalaka kuzimitsa injini kuti alowe mwakachetechete, koma nsungwi yokankhira analibe.

Atadutsa mabango anaona anthu awiri pa doko. Wina anali Elube. Winayo anali atakhala pa bwato lovundikira, ndodo ili pakati pa miyendo. Fanuwelo sanazindikire msanga kuti anali bambo ake, chifukwa anali ataonda kwambiri, ndipo ankapuma movutikira ngati munthu amene wakwera phiri.

Elube anamuchingamira m'madzi ofika m'mawondo, nagwira mutu wa boti. Analankhula motsitsa mawu. "Zaka zonsezi bambo akamva injini imene sakuidziwa amatenga ndodo n'kubwera kuno ku doko. Ndawaletsa mpaka ndinatopa. Lero adzuka pamphasa boti lanu likuoneka ngati kadontho. Apumula kanayi panjira."

Fanuwelo anatsika n'kukagwada pamchenga patsogolo pawo.

"Fanuwelo, ndiwe?"

"Ndine, bambo. Koma sindinabwere ndi..."

Mkuluyo anamugwira pamutu, osamulola kumaliza. Anapuma kaye kufikira mawu atabwerera. "Maboti enawa ndi aliwiro, mwananga. Ndikamva kulira n'kunyamuka, ndimafika atatsitsa kale anthu n'kubwerera. Ndimangofunsa kuti mwatsika ndani. Lakoli ndi labwino. Landipatsa nthawi yoti ndifike."

Fanuwelo analira ngati mwana, anthu akuona, ndipo panalibe amene anaseka. Kenako anawabereka bambo akewo kumsana mpaka kunyumba. Anali opepuka kuposa dengu la matemba.

Anakhala nawo masiku khumi ndi limodzi. Ankawamwetsa phala, kuwasisita miyendo, kuwatulutsa panja kuti awothe dzuwa. Za injini sanafunsidwe ngakhale kamodzi. Mkuluyo ankafuna kudziwa zina: ngati ku Kachulu amadya mokwanira, ngati anapeza mkazi, ngati chipsera cha pabondo chimene anachoka nacho pamudzi chinatha. Tsiku lakhumi ndi chiwiri anamwalira.

Kachitsulo kaja kanafika, ndipo injini ya fote inalira. Lero Fanuwelo amawoloka nyanjayo m'maola awiri okha, mwezi ndi mwezi, kukaona mlongo wake. Anthu amati boti lake ndi laliwiro kuposa onse. Iye akafunsidwa amati masiku khumi ndi limodzi aja amawakumbukira lililonse palokha, koma zaka zisanu ndi ziwiri zija sadziwa kumene zinapita.

Tsono inu amene mukundimva, kufuna injini yaikulu si kulakwa. Gwirani ntchito, konzani, onjezerani mphamvu pamene mungathe. Koma ena mwa inu muli ndi munthu amene simunamuone zaka zambiri, ndipo mukudikira kuti muyambe mwamanga nyumba, mwapeza ntchito yooneka, mwakhala munthu woti anthu akulozeni. Mukuti mukuchitira iyeyo. Dzifunseni bwino ngati anakupemphani zimenezo. Kumeneko masiku akutha monga akuthera kunoko, ndipo miyendo ya amene akukudikirani ikulemera chaka ndi chaka. Chimene muli nacho lero, ngati chingakufikitseni, nyamukani nacho. Adakali ndi mphamvu zobwera kudzakuchingamirani, pitani.