Nkhuku ya Chinkhoswe pa Makala Abodza

M'nyumba ya a Martin ndi a Vera ku Aston, ku Ulaya, chisanu chikangofika mkangano unali umodzi, wa phulusa. Nyumbayo inali yachikale, ya mumdadada wa nyumba zogundana makoma, ndipo pabalaza panali chumuni chokolezapo moto. A Martin ankagwira ntchito ya muofesi pa fakitale ya magalimoto ku Solihull. Akaweruka ankabwera ndi zidutswa za matabwa m'buti ya galimoto, n'kukoleza moto, n'kukhala pakapeti tayi ali m'khosi, kuwotcha chimanga ndi mbatata zogula kumsika. Ankati munthu wa ku Ntcheu digiri siimuchotsa fungo la utsi. M'mawa ankasamba n'kunyamuka. Wowola phulusa, wopukuta mwaye pamakatani, anali a Vera, namwino amene miyendo inali itatupa kale ndi mashifiti a kuchipatala.

Mu 1996 mayi wa nyumba yoyandikana anadzadandaula kuti utsi ukumudetsera zovala pachingwe, nawakumbutsa kuti m'deralo malamulo salola utsi wa nkhuni. A Vera sanafune zambiri, anatembenukira kwa amuna awo, bambo a mwana wawo Rex.

"Bambo a Rex, sankhani chimodzi. Ngati mukufuna moto wanuwo, gulani makala ololedwa osatulutsa utsi aja, phulusa muziwola nokha. Apo ayi tiike gasi, zowotchawotchazo muiwale."

A Martin anati aganiza. Ataganiza anabwera akumwetulira, n'kunena kuti gasi ndiye wabwino, ndipo apeza kale mtundu wake. A Vera ankafuna moto wa gasi wotseka ndi galasi kutsogolo, umene umafunditsa nyumba bwino. A Martin anakakamira wotsegula, wa makala abodza ooneka ngati enieni, malawi akutulukira pakati pake. Apa a Vera anadziwa kuti pali kanthu, pakuti mwamuna amene chikwatirire sanasankhepo ngakhale supuni sangayambe lero kukangana za galasi. Koma anali atatopa, ndipo anavomera.

Mmisiri anabwera, nasesa chumuni, nazula chitsulo chakale choikapo nkhuni, nalowetsa paipi, nasanja makala ake aja. Pochoka ananena momveka kuti pamotopo pasaikidwe kanthu, ngakhale kapepala. A Martin anagwedeza mutu ngati munthu wa m'tchalitchi. Chitsulo chakalecho a Martin anampatsa wotola zitsulo zakutha.

Mwezi usanathe a Vera akusesa anapeza njere za chimanga zopserera pakati pa makalawo. Anaziika pasosala n'kuwaperekera amuna awo pamodzi ndi tiyi. Anawafunsa ngati mbewa za ku Ulaya zimayamba zakazinga zisanadye.

"Moto ndi moto, mayi a Rex," anatero a Martin. "Lawi silifunsa ngati lachokera m'paipi kapena m'chikuni."

A Vera anawauza kuti anasankha okha, ndipo munthu wamkulu akasankha amakhala pomwepo. A Martin anati iwo sanataye kanthu. Phulusa latha, chimanga chikupsa, aliyense wakondwa. Vuto lili pati?

Vuto linabwera ndi nkhani yabwino. Helen, mwana wa mlongo wa a Martin, anali atamaliza maphunziro n'kupeza ntchito mumzinda momwemo, ndipo anapeza mnyamata, Walusungu, amene abale ake ankakhala ku Hillfields, ku Coventry. Mayi ake a Helen sakanatha kubwera kuchokera kumudzi. Pa foni anawauza achimwene awo kuti mwinimbumba ndi iwowo, aimirire mwanayo monga nkhoswe, ndipo asachititse banja manyazi pamaso pa eni mnyamata. A Martin anakula msinkhu tsiku lomwelo. Anagula suti. Ankayeseza mawu awo m'bafa mpaka madzi kuzizira.

Pachinkhoswe akuchikazi amatulutsa nkhuku yowotcha, ankhoswe a mbali zonse n'kugawana, kusonyeza kuti mawu agwirizana. A Vera anati aiika mu uvuni. A Martin anati nkhuku ya mu uvuni ndi ya pa Khirisimasi, ya chinkhoswe iyenera kumva moto. A Vera anati ngati zili choncho abwereke mbaula akawotchere kuseri kwa nyumba, ambulera ali m'manja. A Martin anati mwinimbumba sangalandire alendo atanyowa ngati khwangwala. Nkhani inathera pomwepo, kapena a Vera anaganiza kuti yatha.

Loweruka la chinkhoswe kunacha ndi mvula yamawawa yosadziwa kuleka. A Vera anaika nkhuku mu uvuni, nkhuku yonona ya m'sitolo, yamafuta ngati nkhumba, n'kukwera pamwamba ndi amayi anzawo kukaveka Helen. A Martin anaona mpata. Anaitulutsa nkhukuyo, natenga waya wa mu uvuni, namukhazika pa njerwa ziwiri pamwamba pa makala abodza, n'kukweza gasi mpaka kumapeto.

Poyamba fungo linali lokoma, ndipo a Vera ali pamwamba anadabwa kuti uvuni wawo wayamba liti kununkhira chonchi. Kenaka alamu ya utsi inayamba kulira. Mafuta anali atadontha n'kulowerera m'makalawo, ndipo atayaka malawi anakwera n'kugwira maliboni ndi chitenje chimene amayi anakongoletsera pamwamba pa chumuni. A Martin anayang'ana uku ndi uku, n'kuona chidebe cha thobwa limene a Vera anavutikira sabata yonse ndi chimera chochokera kumudzi. Analikhuthulira pamoto lonse. Mafuta oyaka anathetheka n'kuwazikira pakapeti ndi padzanja lawo lamanja.

A Vera anatsika masitepe osavala nsapato. Anathamangira kukatseka gasi pa mita, nanyowetsa bulangete, naphimba motowo, natulutsa anthu onse panja, n'kuwaika amuna awo dzanja pansi pa mpopi. Mayi woyandikana uja anali ataimbira kale ozimitsa moto. Iwo atafika analetsa aliyense kulowa mpaka utsi utatha.

Ndiye akuchimuna anafika nthawi yomweyo, magalimoto ali mumzere kuchokera ku Coventry, amayi atasenza mphatso. Anapeza akuchikazi ali pamsewu mvula ikuwathira, mkwatibwi atafunda jekete la mwini, anthu opita ku mpira ku Villa Park akudutsa n'kumatembenuka. A Saulos, malume a Walusungu, munthu wofatsa wa imvi, anatsika nafunsa ngati asochera nyumba.

"Nyumba ndi yomweyi," anatero a Vera. "Malume a mwana amawotcha nkhuku."

A Saulos anayang'ana zenera lakuda, nayang'ana a Martin amene dzanja linali litakulungidwa m'thaulo, suti yatsopano ili mbuu ndi thobwa. Sanaseke, ndipo kusasekako kunawawa koposa. Anangoti anthu abwera kale, chakudya chilipo, kwawo ku Hillfields balaza ndi laling'ono koma ndi louma.

A Martin anayesa kutsutsa. Anati chinkhoswe sichichitikira kuchimuna, mwambo sulola, kumudzi akamva adzati chiyani. Helen anatembenukira kwa malume ake. Anapukuta nkhope ndi mkono wa jekete lija.

"Amalume, mwambo mwausamala mokwanira lero. Pitani kuchipatala. Anti, chonde apititseni."

A Vera anaona kuti chilondacho si cha mankhwala a m'kabati. Anawakweza m'galimoto. Asananyamuke anapempha a Ackson, mnzawo wa kutchalitchi amene sanali m'bale ngakhale wa patali, kuti akaime m'malo mwa mwinimbumba. A Ackson anavomera, akufunsa chapansipansi dzina la mudzi wa kwawo kwa mkwatibwi kuti asakalakwitse.

Chinkhoswe chinachitika ku Hillfields. Nkhuku inali yogula pa sitolo ya pakona, yobwera m'katoni, ndipo ankhoswe anagawana monga mwa mwambo. A Martin sanaone chilichonse. Anakhala pabenchi ya odikira dokotala mpaka madzulo, pakati pa ovulala ena a Loweruka, mawu amene anayeseza m'bafa ali m'kamwa. A Vera nawo anaphonya chinkhoswe cha mwana amene anamulera chifikire ku Ulaya. Anakhala pambali pawo manja ali pachifuwa. A Martin atayamba kunena kuti nkhukuyo ndiyo inali yonona mopitirira, a Vera anawayang'ana kamodzi, ndipo nkhani ya kunona inathera panjira.

Foni ya kumudzi inabwera m'mawa mwake. Mlongo wawo sanakalipe. Anangofunsa kuti a Ackson amenewa ndi a fuko liti, popeza tsopano mwana wake akakhala ndi mlandu m'banja azikagogoda kwa iwowo.

Mmisiri atabweranso anapeza makala osweka, timabowo ta gasi tatsekeka ndi mafuta ndi thobwa. Anatseka paipi n'kunena kuti motowo sungayatsidwenso mpaka zonse zitasinthidwa. A Martin anafunsa ngati angabwerere ku nkhuni kwa kanthawi. Chitsulo choikapo nkhuni anali atapereka okha, paipi inali pakati pa malowo, ndipo malamulo a utsi anali pomwe anali. Chisanu chonsecho pabalaza panali kahita kamagetsi kofunditsa mwendo umodzi, ndipo a Martin ankaonera nkhani pa wailesi yakanema atavala chikhothi.

Akanasankha makala ndi phulusa lake, bwenzi atawotcha nkhuku yawo bwinobwino. Akanasankha gasi ndi malamulo ake, bwenzi ataima pamaso pa anthu n'kuyankhula monga mwinimbumba. Iwo anafuna kufunda konse konse, ndipo anatsala opanda moto, opanda ulemu, dzanja lili m'bandeji. Akuluakulu sananame pamene anati mapanga awiri avumbwitsa.