Manambala Atatu a Mayi Choko

Mu ofesi ya kumapeto kwa khonde mudali mayi wina amene anzake ankamutcha Mayi Choko, chifukwa manja a malaya ake ankakhala mbuu ndi fumbi la choko tsiku lililonse. Ntchito yake idali yolosera ndi masamu. Akatswiri ena, pa makina aakulu apansi pa nthaka, amathamangitsa mitima ya maatomu a mtovu mpaka iwombane, ndipo ikawombana pamatuluka tizidutswa tambirimbiri. Iye ankayenera kunena kuchuluka kwa tizidutswato makina asanayatsidwe.

Masamu ake adali ndi manambala atatu okha osinthika. Pa chithunzi, mzere wake unkadutsa pa madontho asanu ndi anayi a zoyezedwa kale, koma lakhumi linkakhala pambali ngati mlendo wosaitanidwa. Pulofesa, mkulu wa gulu lawo, adali ndi masamu akeake a manambala khumi ndi awiri. Dontho likathawa, ankangopotoza nambala imodzi, mzere n'kulitsatira. Chithunzi chake chinkakoma m'maso, ndipo alendo ankachiyamikira.

"Mayi, onjezerani kanambala kamodzi basi," adatero Pulofesa tsiku lina ataima pakhomo, kapu ya tiyi ili m'manja. "Chithunzi chanuchi chili ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Mwezi wamawa makina awonjezera mphamvu. Mukaphonya, mpando wanu ndipatsa wina."

"Bwana, nambala yosadziwika kwawo sindingaiike. Ndikaiika, ndiye kuti ndikujambula, osati kulosera."

Mwambo wa ntchitoyi ndi wolimba: aliyense amapereka zolosera zake zotsatira zisanadziwike, ndipo akapereka sazikhudzanso. Mayi Choko adapereka zake, gweru lake lili poyera.

Kunyumba, mwamuna wake, yemwe adali telala, adamva nkhaniyi akupalasa makina ake osokera.

"Amayi a ana, ine kasitomala akanenepa ndimangomasula msoko. Inu chikukuvutani n'chiyani? Mukufuna tidzadye choko?"

"Nanga kukabwera kasitomala wina, suti yomweyo imukwana?"

Bamboyo adangoluma ulusi.

Masabata asanu ndi limodzi adayenda ngati nkhono. M'khonde anthu ankamupatsa moni wa pamaliro. Wina adafika pomufunsa ngati mpando wake uli wofewa.

Zotsatira zidafika Lachitatu m'mawa, gulu lonse litadzaza chipinda cha misonkhano. Madontho atsopano adaonekera pakhoma. Mzere wa Pulofesa, umene udakumbatira dontho lililonse lakale, udangoti tsuu kuloza kudenga, madontho onse n'kutsala pansi. Wa Mayi Choko udayenda pakati pawo, limodzi ndi limodzi, mpaka lomaliza.

Pulofesa adavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene fumbi lake linkafunira.

"Mayi," adatero, "bwerani kutsogolo kuno. Tiuzeni mudayambira pati. Koma pang'onopang'ono, enafe mitu idakalamba."

Mayi Choko sadamwetulire, sadayang'ane munthu. Adanyamuka, nayenda mosathamanga pakati pa mipando, anthu akumupatukira. Atafika kutsogolo adapempha kuti afufute zonse zomwe zidali pabolodi, ndipo amene adatola chofufutira adali Pulofesa mwiniwake.

Makolo athu sadaone makina otere, koma adatolapo chipatso chofiira bwino, nachibenthula asanadye. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.