Mayi amene anachapa bala pachinkhoswe

Pamudzi wina wa kumapiri, uko kumene ng'oma imamveka mpaka mudzi wachitatu, panali mayi wina woumba mbiya. Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna, ndipo mwanayo anapeza mbeta kutsidya kwa mtsinje.

Tsiku la chinkhoswe litafika, mayiyo anavala chitenje chatsopano, nasenza dengu la ufa, natsogolera gulu la kuchimuna. Inu amene munakulira kumudzi mukulidziwa tsiku lotere! Fumbi lili koboo, nthungululu zili pakamwa, tambala akupalapata m'khwapa mwa ankhoswe, thobwa likununkhira m'migolo. Mayi uja anavina njira yonse mpaka pakhomo pa asewere ake, chimwemwe chitadzaza tsaya.

Nyimbo ili pakati, galu wa pakhomopo anatulukira kuseri kwa nkhokwe. Sanauwe n'komwe. Anangofika n'kumuluma mayiyo pakakolo, kenaka n'kuyamba kulimbana ndi mwendo wa mpando, dovu lili chuchuchu. Amuna anamukola ndi chingwe, namumangirira pamtengo.

Balalo linali laling'ono, mano awiri basi. Bambo a mtsikana, eni ake a galuyo, anagwidwa manyazi. Anameta ubweya wa kumchira kwa galu uja, nauwotcha, nabwera ndi phulusa lake pachikhatho.

"Pepani asewere, pepani ndithu. Tipakepo aka, pofika mawa bala lauma. Makolo athu ankatero."

Mayiyo anayang'ana phulusalo, nayang'ananso galu akutafuna chingwe. Anakumbukira zimene mlangizi wa zaumoyo ananena tsiku lina pansi pa mtengo wa mango: chiwewe sichikhala pakhungu ayi. Chimayenda mwakachetechete mpaka ku ubongo, ndipo munthu akangoyamba kuopa madzi, palibenso mankhwala.

"Asewere, galuyu munamubayitsa katemera?"

Bambo aja anazyolika. "Chaka chino fodya anatitangwanitsa."

Taonani tsono pamene anaima mayiyu! Akachoka pachinkhoswe cha mwana wake ankhoswe asanasinthane nkhuku, anthu anena kuti wanyoza banja la eni ake. Akakhala, palibe amene amunene, koma akhala ndi imfa m'mwendo.

"Ndipatseni sopo!" anatero.

Anathamangira kumjigo. Mng'ono wake ankapopa, iye akuchapa bala, madzi akuyenderera. Anachapa, nachapa, mphindi khumi ndi zisanu zathunthu. Amayi akuchikazi anamutsatira akuseka.

"Amake mnyamata, mwendowo mwausandutsa chitenje kodi? Muuchapa mpaka usuluke!"

"Usuluke, bola ukhale wanga!"

Atatha, anaitana njinga ya kabaza. Bambo aja anagwira chishalo akumuchonderera kuti asapite, poti anthu awaseka, mudzi wonse udziwa kuti anasunga galu wosabayitsa. Mayiyo anali atakwera kale.

"Manyazi anapha lambe, asewere. Ine ndikufuna ndidzabereke mdzukulu wathu kumsana kuno. Sinthanani nkhukuzo, ndibwera!"

Njinga inatsetsereka phiri, chitenje chatsopano chikuuluka. Tsiku lomwelo kuchipatala anamubaya jakisoni woyamba, namuuza masiku obwereranso. Bala linapola msanga, ndipo anzake ankamufunsa chimene akuvutikira ulendo wonsewo poti khungu latseka. Iye sanajombe ngakhale tsiku limodzi.

Galu uja anafa tsiku lachinayi, ali pachingwe pomwepo. Apo m'pamene mudzi unadzidzimuka! Tsiku la katemera litalengezedwa, panali mdipiti wa agalu, ena pazingwe, ena m'madengu, ndipo patsogolo pa onse panali asewere aja atanyamula tiana ta galu tiwiri m'manja. Ukwati unachitika pambuyo pa kukolola. Amene anatsegula bwalo, amene anavina mpaka oimba ng'oma kupempha madzi, anali mayi woumba mbiya, wamoyo ndi wathanzi!

Abale anga, galu akakulumani, kaya kukukalani, chitani zimene anachita mayiyu, ndipo agalu anu muziwabayitsa chaka ndi chaka. Koma fanizoli likunenanso za mtima. Tchimo limaluma pang'ono, mano awiri basi: kabodza kamodzi, kachidani kamodzi. Anzathu otikonda amabwera ndi phulusa, amati paka, usadzichititse manyazi, aliyense amatero. Pamwamba pamapoladi, timavala bwino, timaimba m'kwaya, koma m'kati chiwewe chikuyenda. Musadikire zizindikiro! Musadikire kuti mwambo uthe kaye, kapena kuti anthu abalalike. Lekani aseke. Nyamukani lero lomwe, bala likadali laliwisi, mupite nalo kwa Ambuye osabisa, pakuti Iye amatsuka mpaka m'kati. Wobisa bala amasunga ulemu wa tsiku limodzi, koma woulula amadzavina paukwati.