Gwaza ndi Ngwazi Yake Yosaphunthwa

Kalekale kunali mkamwini dzina lake Gwaza. Onani mayendedwe ake: chifuwa kutsogolo, pensulo kukhutu, mwendo ponyu uku, ponyu uko. "Patukani, patukani, mlembi wa mabuku akudutsa!"

Gwaza analemba buku lalitali, mapepala ake oti mungafolere nkhokwe ziwiri. Linkanena za mwamuna wosaopa, wosalakwa, wosaphunthwa. Mkango ukangotulukira, ankaupha patsamba lomwelo.

Atatsala pang'ono kupita nalo kutauni kokasindikiza, anawerengera anthu amene ankatong'ola chimanga pabwalo. Nanga mkamwini mungamuchititse manyazi pagulu? "Zokoma, alamu," ankatero, uku akuyasamula mpaka ntchentche kulowa n'kutuluka. Ndi mbuzi yomwe inagona.

Pagulupo panali msuweni wake Nangozo, ndipo pachisuweni sabisirana mawu.

"Iwe mwamuna wanga wa zitsononkho, munthu wakoyu amayetsemulako?"

"Ndi ngwazi imeneyi!"

"Ngwazi ngati iwe tsiku lija?"

Nangozo dzambatu, n'kuyamba kumutsanzira uku akusimba za tsikulo. Gwaza akuchokera kosamba, malaya ali kumanja. Uyo, apongozi panjira! Mwambo umati mkamwini apatuke. Gwaza m'tchire lowu. Tchire lake la chitedze! Apongozi osadziwa kanthu, tulu nkhuni pomwepo, khale pansi kupuma. Gwaza kukanda sangakande. Kulira sangalire. Kutuluka sangatuluke.

Manja onse anasiya chimanga. "Ndiye zinatha bwanji? Anatuluka? Tanena msanga!"

Gwaza anayang'ana buku lake. Mapepala onse aja, palibe amene anafunsapo choncho. Anatembenukira kwa mkazi wake. "Nasoko, nenani zoona. Ndipite nalo?"

Nasoko anayankha motsitsa mawu. "Musapite nalo, bambo. Munthu wanuyo sindinamuderepo nkhawa ngakhale kamodzi. Koma inu m'chitedze muja, mtima wanga uli phaphapha, chonsecho mathero ake ndikuwadziwa, poti ndinakudzozani mafuta ndine."

Gwaza anachotsa pensulo kukhutu, chifuwa chija fwaa. "Ndinkaopa," anatero. "Ndimati iyeyu akaphunthwa, museka ine."

Mwamva, inu ofuna kulemba mabuku? Munthu wa m'nkhani yanu musamamutchinge. Aope, alakwe, agwere m'chitedze, ndipo musafulumire kumutulutsamo, chifukwa owerenga amatsata munthu amene akumudera nkhawa.

Yanga yathera pompa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule, yanga ikhale yaikuluyo!