Tinthambi ta Mayi Dolor

Padenga la nyumba ya bambo Wistin, m'tauni yathu ya Qormi, pali kachipinda kochapira kamene kamakhala kokhoma nthawi zonse. Anansi ankangomva makiyi akulira m'mawa, mkuluyo akukwera masitepe pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana. M'kachipindamo munali mtengo umodzi wa chamba. Boma litalola kuti khomo lililonse lidzale mitengo yochepa pamalo osaonekera, akazi awo, mayi Dolor, ndiwo anaudzala kuti amuna awo azipezako tulo, pakuti msana wawo unathera kosema miyala. Mayiwo atamwalira, bambo Wistin sanafunenso mbewu ina. Mtengo ukakalamba ankadula tinthambi n'kutimeretsa mizu, ndipo chomera cha akazi awo chinkangobadwanso. Ankachitchula Dolor. Ena amati ankacheza nacho.

Chaka china mtengowo unadwala kumizu, masamba n'kuyamba chikasu, nthawi yomwe madokotala anaitana mwini wake kuti akamuchite opaleshoni ya msana. Asanapite, bambo Wistin anadula tinthambi tabwino totsala, natidzala m'timakapu, nativindikira ndi chivindikiro cha pulasitiki. Kiyi anapatsa mwana wawo wamkazi, Ritienne.

"Uzingowaza timadzi ndi kutsegulako pang'ono kuti mpweya ulowe. Osatigwira. Ndipo kiyiyu asafike m'manja mwa wanjinga wako uja."

"Ababa, dzina lake ndi Dunstan."

"Ndikulidziwa. Munthu woti analiza hutala kumbuyo kwa galimoto ya maliro ndingamuiwale?"

Dunstan ankagwira ntchito yoperekera zakudya m'makomo pa njinga yamoto. Anali mnyamata wamtima wabwino, koma wosadziwa kuima. Ritienne ankamukonda choncho, ndipo awiriwa anali atapangana kuti pa chikondwerero cha parishi Dunstan akalankhule ndi bambo Wistin za ukwati. Tsono poona kuti ntchito ndi kudwazika matenda zamuchulukira, mtsikanayo anatenga kiyi uja n'kumufumbatitsa bwenzi lake pakona pa sitolo ya buledi.

"Ichi n'chinsinsi chathu. Tinthambito tikamera mizu, ndidzawauza kuti unatisamala ndiwe. Chomera cha amayi chimenechi, Dun. Ukachipulumutsa, ababa sangakukanenso."

"Timasamba tokhatokhato? Usiyire ine."

"Koma osatigwira."

"Ndamva, abwana."

Tsiku loyamba anachita monga anauzidwira. Tinthambi tinali chilili pansi pa chivindikiro chodzaza mame, tili zii ngati ana amene abisa mawu. Tsiku lina anatipeza chimodzimodzi, linzake chimodzimodzi. Munthu wozolowera kuona pafoni pomwe chakudya chafika mumsewu, zinamuvuta kukhulupirira ntchito yochitikira mumdima wa dothi. Ankagona akulota akupereka kapu yodzaza mizu kwa apongozi ake, iwo akupukuta misozi. Akadzuka, mtima unkamuyabwa.

Ndiye masana ena anatseka chitseko, nagwira kanthambi kamodzi ndi zala ziwiri, n'kukasolola. Kunsi kwake kunali kosalala, kopanda kanthu. Anakabwezera msanga, natsendera dothi ndi chala. Palibe chinagwa, palibe anakuwa. M'mawa mwake anasolola kena.

Padenga loyandikana nalo, mayi Gejtana ankayanika zovala, maso ali tcheru monga mwa masiku onse.

"Kodi a Wistin alemba wantchito osatiuza?"

"Ayi mayi, ndikungoyang'ana thanki ya madzi."

"Thanki yamwayi imeneyo. Ikuyenderedwa kuposa wodwala ali kuchipatala."

Panali kanthambi kamodzi kofooka, kowerama ngati kamasiye. Dunstan anakaweruza kuti kafa kale, nakakankhira pakona yakumbuyo. Timadzi towaza tinkakafika, koma zala zake sizinkakafika, pakuti sankayembekezerako kalikonse.

Kenako tsiku lina anasolola kanthambi n'kuona timadontho toyera kunsi kwake, ndi kamuzu kamodzi kowonda ngati ulusi. Anadumpha yekha m'kachipindamo. Anakajambula pafoni, kenako anafuna kudziwa ngati tinzake tafikanso pomwepo. Anasolola tonse kamodzikamodzi kupatula kamasiye kaja, natiika pa mwala wochapira kuti atiyerekeze. Pobwezera, timizu tija tinkaduka mwakachetechete, iye osamva n'komwe.

Sipanatenge nthawi. Kunsi kwa tinthambi kunayamba kuda, masamba n'kulefuka. Dunstan anaganiza kuti ndi ludzu, nathira madzi. Titalefukiratu anathiranso ambiri. Posakhalitsa, akatsegula chivindikiro ankalandiridwa ndi fungo la zoola. Mtengo waukulu uja nawo unali utauma kale, utangotsala ndodo mumphika.

Ritienne anaimba foni ali pakhonde la chipatala.

"Tili bwanji tiana ta amayi?"

"Tikusangalala. Usade nkhawa."

"Zoona? Ababa amafunsa zomwezo akangotsegula maso. Za ine safunsa."

"Uwauze agone mtima uli m'malo."

Atatseka foni, Dunstan anakhala pansi. Anaganiza zokapempha nthambi kwa mnzake wina n'kuziika m'timakapumo mwakabisira. Koma ankadziwa kuti bambo Wistin angazindikire Dolor wawo ngakhale ndi mphuno yokha.

Wodwalayo anatulutsidwa msanga kuposa mmene onse ankaganizira. Masanawo Dunstan anali m'kachipinda muja, akuyesa kuimika tinthambi takufa ndi timitengo totokosera m'mano, pamene anamva phokoso pamasitepe. Go. Kenako chete. Go. Inali ndodo. Madokotala anali ataletsa masitepe, koma ndani akanaletsa mwamuna wopita kukaona mkazi wake? Mnyamatayo anayang'ana zenera, koma linali laling'ono. Anangoima, manja ali dothi lokhalokha.

"Takulandirani a Wistin!" anafuula mayi Gejtana ali kuseri kwa mashiti awo. "Mkamwini wanu wakusamalirani thanki, simudzasowanso madzi!"

Bambo Wistin anatembenuka n'kuyang'ana mwana wawo, amene ankawagwirizira mkono. Ritienne anagwetsa nkhope. Chitseko chinali chotsegula kale.

Mkuluyo sanakalipe. Ananyamula kakapu kamodzi, nakayandikitsa kumaso. Mozungulira kanthambi dzenje linali litakula, ndipo padothi panali zidindo za chala chachikulu.

"Unkazula."

"Bambo, ndimangofuna kuona ngati mizu yayamba."

"Ndiye unaiona?"

"Ndinaiona pang'ono."

"Eya. Iwe unaiona, ine sindidzaiona."

"Unati tikusangalala, Dun," anatero Ritienne motsitsa mawu. "Ndinakawauza zimenezo ali pabedi."

Bambo Wistin anakhala pa ndowa yovundikira, nayang'ana ndodo youma ija mumphika kwa nthawi yaitali. Kenako anayendetsa maso pa timakapu.

"Kena kali kuti?"

Ritienne anawerama, nasuzumira pakona yakumbuyo, n'kutulutsa kamasiye kaja. Kanali katadzutsa mutu, ndipo pansonga pake panali tsamba latsopano lobiriwira. Bambo ake anakweza kakapuko m'mwamba. M'timabowo takunsi munkatuluka mizu yoyera, yonenepa, yopiringizana.

"Aka bwanji sunakazule?"

"Ndinkayesa kanafa, bambo."

"Mwayi wake. Kakanakukondweretsa, bwenzi kalinso kumanda." Anatambasula dzanja. "Kiyi."

Dunstan anapereka. Akanachoka pomwepo, mwina zikanamuyendera bwino, koma pakamwa panathamanga monga mwa chizolowezi.

"Bambo, ndikudziwa kuti nthawi yake si ino, koma pa chikondwerero ndimafuna kudzakupemphani za..."

"Zimene ukufunazo Qormi yense akuzidziwa. Aka kakadzakula n'kutipatsa nthambi zake, udzabwere tidzakambirane. Ngati mwini wakeyu adzakhale akukufunabe."

"Ndiye kuti liti, bambo?"

Ritienne anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Wayambanso. Tsika, Dun. Ukamatsika usathamange."

Chikondwerero chinafika. Chifanizo cha woyera chinanyamulidwa m'misewu, bandi inaimba, makombola anang'amba thambo. Dunstan anaonera zonsezo ali yekha pakati pa khamu, atatsamira njinga yake. Ritienne anaonera ali padenga pambali pa bambo ake, ndipo sanamuitane kuti akwere. Chomera cha mayi Dolor chinapulumuka ndi kanthambi kamodzi kamene palibe anakavutitsa, pomwe ukwati umene unali pakhomo unabwerera kukadikira nyengo ina. Zina zimakula pokhapokha ukazisiya mumdima wake, ndipo wozifulumiza amabwerera manja ali dothi. Akulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.