Mimba Yopanda Mwana ya Esinati

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale la dzana lomweli makina ounikira m'mimba atafika kale m'zipatala, kunali mayi wina dzina lake Esinati. Anali ndi mwana mmodzi, Tinenenji, amene anabadwa pa opaleshoni, ndi alongo atatu: Gelesomu wopha mbuzi pamsika, Lufeyo wa kabaza, ndi Binoni wokankha odwala pachipatala chachikulu mumzinda. Mwamuna wake, Yotamu, anali atatha zaka ziwiri ku Joni.

Pachipsera cha opaleshoni ija panayamba kanthu kolimba ngati mbatata yaiwisi. Kanakula, kanakula, mpaka mimba inaonekera pachitenje. Amayi apamjigo, amene sukulu inawakanika koma miyezi ya anzawo salakwitsa, anayamba kuwerenga ndi zala.

Tsiku lomwe Yotamu anafika, anayang'ana mimba, kenako anayang'ana ndiwo. Paja kwathu amati mkazi woyenda ndi mwamuna wina akathira mchere m'ndiwo, amadula mwamuna wake, atupe mpaka afe.

"Mcherewu wathira ndani?"

"Ndine, bambo a Tinenenji."

"Ndiye ndi mimba yakoyi ukufuna undiphe?"

Anamukhuthulira ndiwo zamoto pachifuwa, natseka chitseko, natenga tcheni cha njinga. Dzuwa lili paliwombo, Esinati ankamva tcheni chikung'amba msana, magazi akudzaza m'kamwa, kenako nsapato zikuponda pamimba pomwepo. "Mutulutse mwana wachigololoyo!" Anthu anaima panja n'kumamvetsera ngati wailesi. Ndikakumbukira zimenezi mtima umandiwawa mpaka lero.

Gelesomu anathamanga kuchokera pamsika, nathyola chitseko ndi phewa. Yotamu anatola chikwanje. Gelesomu anatchinga ndi dzanja, zala ziwiri zinagwa pansi. Ndi dzanja lotsalalo anagwira mlamu wake pakhosi n'kumumenyetsa kukhoma mpaka mphuno inaphwanyika, ndipo amuna anayi anachita kumukoka Gelesomuyo kuti amusiye. Tinenenji anaona zonsezi ali kunsi kwa bedi. Koma pomunyamula mlongo wake, Gelesomu anati, "Nawenso mlongo, watichititsa manyazi." Esinati anawamva mawuwo ndipo sanawaiwale.

Lufeyo anamumangirira kumsana ndi chitenje, napalasa njinga osapuma mpaka pachipatala chapaboma. Kumeneko anamwino anasoka mabala n'kunena kuti azipita. Lufeyo anakhala pakhomo mwendo uli tambalale. "Sindichoka. Muunikeni m'mimbamo, anthu aone." Anamupaka Esinati mafuta ozizira pamimba n'kuyendetsapo kachipangizo. Pakanema panalibe mutu, panalibe mtima wogunda, munali chotupa basi. Esinati analira, osati chifukwa cha chotupacho, koma kuti tsopano wina amukhulupirira. Lufeyo anatenga chithunzicho n'kukachiika pamphuno pa mayi aliyense wapamjigo. Komatu Lufeyo ndi waphuma. Atamva kuti mwina chotupacho chili m'chiberekero, anati, "Ching'ambeni mawa lomwe, chichoke," ndipo cholembera chinali kale m'manja kuti asaine pepala lololeza opaleshoni.

Binoni anatsika minibasi, nalanda pepalalo, naling'amba. Abale awiriwo anapandana zibakera pakhonde la chipatala mpaka alonda anawalekanitsa. "Ndakankha anthu ambiri ong'ambidwa asanaonedwe bwino," anatero Binoni akupukuta magazi pamlomo, "ndipo ena ndinawakankha ataphimbidwa kumutu." Anamutengera mlongo wake mumzinda, kumene anadikira miyezi iwiri ululu ukumudya, mpaka anamulowetsa chogona m'makina aakulu onga mgolo, ogogoda ngati chigayo. Zithunzi za makinawo zinaonetsa kuti chiberekero chinalibe mlandu. Chotupacho chinali m'minofu ya pachipsera, chitazika mizu mpaka kukhudza matumbo. Adokotala anatapako pang'ono ndi singano, nati dzina lake ndi desimoidi: sichimwazika thupi lonse ngati khansa, koma ukachidula mwachisawawa chimaphukanso. Opaleshoni ya Lufeyo ija ikanaboola matumbo. Koma tisamuombere m'manja msanga Binoni. Yotamu anali mnzake wapamtima, ndipo ndi Binoniyo amene anamubweretsa pakhomopo kudzafunsira Esinati. Kawiri konse, Yotamu asanapite ku Joni, Esinati anadandaula kuti akumenyedwa, ndipo Binoni anangoti, "Pirirani achemwali, asintha."

Yotamu nayenso, ali m'manja mwa apolisi, anatumiza kakalata: "Ndikanapanda kukumenya, ukanapita kuchipatala?" Kakalatako tikasiye komwe Esinati anakasiya, m'chimbudzi.

Tsono adokotala anati Esinati akagone m'chipatala nthawi yaitali, azilandira mankhwala, azimuunika pafupipafupi kuti aone ngati mizu ija ikubwerera. Za kuchira sanalonjeze. Mwana kuwodi saloledwa, ndipo mayi a Esinati ndi alongo akewo anali atamwalira kale. Mmawa wa ulendowo alongo atatu aja anaima pabwalo, aliyense akufuna kuti Tinenenji akule pakhomo pake.

Gelesomu anakweza dzanja lake la zala zitatu. "Popanda ine, mukanaunika mtembo."

Lufeyo anatulutsa chithunzi chija m'thumba, chitada ndi thukuta. "Popanda ine, mwanayu akanakula akutchedwa mwana wa hule."

Binoni anati, "Popanda ine, achemwali akanafera patebulo, siginecha yako, Lufeyo, ili pansi pa pepala lija."

Esinati anawayang'ana onse, ndipo onse ankanena zoona. Koma ankadziwanso kuti Tinenenji akaona dzanja la Gelesomu amadzikodzera ndi mantha. Ankadziwa kuti Lufeyo amachita chinthu kaye, kuganiza pambuyo. Ankadziwanso kuti tsiku lomwe Yotamu adzatuluke, chitseko choyamba kugogoda chidzakhala cha Binoni. Minibasi inali ikuimba hutala pamsewu, ndipo mwanayo anali atakulunga chitenje cha mayi ake m'kadzanja, osafuna kusiya.

Ine nkhaniyi ndaitula pano, kugamula sindingathe. Inu amene mwamva, mukanakhala Esinati, tizala ta mwanayo mukanatimasula pachitenjepo n'kutiika m'dzanja la yani?